Oswald Boelcke, Mphunzitsi wa Nkhondo ya m'Mlengalenga

Ambiri a ife tinamvapo za Nkhondo ya Ciwaya, ija inafika mpaka ku Karonga mu 1914. Ku Ulaya nkhondo yomweyo inamenyedwanso m'mlengalenga, ndipo amene anayamba kuphunzitsa anzace kamenyedwe kace anali Mjeremani wina, dzina lace Oswald Boelcke.

Iye anabadwa pa 19 May 1891 pafupi ndi mzinda wa Halle, nakulira ku Dessau. Atate ace anali mphunzitsi. Ngakhale ankabvutika ndi mphumu, anali katswiri pa kusambira. Analowa usilikali mu 1911 m'gulu la lamya, ndipo anaphunzira kuyendetsa ndege mu 1914, nkhondo iri pafupi kuyamba.

Poyamba nchito ya ndege inali kuzonda adani basi. Koma mu 1915 ku Douai, m'dziko la France, anampatsa ndege ya Fokker, imene ciwaya cace cinkalabvula zipolopolo pakati pa zipalasiro za kutsogolo osaziomba. Caka comweco anadziponya m'ngalande napulumutsa mnyamata wa Cifalansa amene anali kumira, mwana wa adani ace.

Mu January 1916 iye ndi mnzace Max Immelmann analandira mendulo yaikuru yochedwa Pour le Mérite. Immelmann ataphedwa mu June, akuluakulu anamletsa Boelcke kuuluka, poopa kutaya wina. Munthu wamkulu, m'malo mongodandaula, analemba malamulo asanu ndi atatu a kamenyedwe. Anati dzuwa lizikhala kumbuyo kwako kuti mdani asakuone msanga, usaombe uli kutali, usaiwale njira yobwerera kwanu, ndipo muzimenya muli gulu, koma ambiri asalimbane ndi ndege imodzi. Ine ndiganiza kuti apa ndipo panaonekera magazi a atate ace.

Mu August anamlola kukhazikitsa gulu la Jasta 2, nadzisankhira yekha anthu. Pakati pao panali Erwin Böhme ndi Manfred von Richthofen, uja pambuyo pace anagwetsa ndege 80. Boelcke ankawaphunzitsa asananyamuke, ndipo pobwera ankawaonetsa pamene analakwa.

Pa 28 October 1916 analimbana ndi ndege za Angelezi. Tsoka ilo, Boelcke ndi Böhme anathamangira ndege imodzi. Mawilo a ndege ya Böhme anakhudza phiko la pamwamba la ndege ya mtsogoleri wace, nsaru ya phikolo inang'ambika, ndipo ndege inagwa pansi. Boelcke anafera pomwepo ali ndi zaka 25, atagwetsa ndege 40.

Mwambo wa maliro unacitikira ku Cambrai, ndipo Angelezi anaponya nkhata ya maluwa kucokera m'ndege pomlemekeza. Mtembo anakauika ku Dessau. Böhme anapitirira kuuluka ndi cisoni cace, nakhala mtsogoleri wa Jasta 2 yomweyo, kufikira naye anaphedwa mu November 1917.