Egas Moniz, dotolo amene anafunafuna misala mu ubongo

Kuno ku Domwe, munthu akayamba kulankhula yekha, ambiri timathamangira kunena kuti walodzedwa. A António Egas Moniz, dotolo wa ku Portugal wobadwira ku Avanca mu 1874, ankakhulupirira kuti gwero la khalidwe la munthu ndi ubongo.

Mu 1927 iwo anapeza njira yojambulira mitsempha ya magazi ya mu ubongo, ndipo madotolo anayamba kuona pamene pali chotupa. Mu 1935, mothandizana ndi a Almeida Lima, anayamba kuboola chigaza cha odwala misala n'kuwononga timinyewa takutsogolo kwa ubongo. Ena anafatsadi, koma ambiri amene anachitidwa opaleshoniyi m'mayiko osiyanasiyana anatsala ozizira, osasangalala kapena kudandaula ndi chilichonse.

Mu 1939 wodwala wina anawawombera ndi mfuti, koma anapulumuka. Analandira mphoto ya Nobel mu 1949, ndipo anamwalira ku Lisboa mu 1955.

Opaleshoniyi inasiyidwa pang'onopang'ono atabwera mankhwala m'zaka za m'ma 1950. Lero m'bale wanu akasokonezeka mutu, musamumange zingwe. Pitani naye kuchipatala, sakamuboola chigaza ayi.