MBIRI YA AMBUYE MATHURIN GUILLEMÉ

Abale, Akristu a ku Nambuma ndi a m'midzi ya ku Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Namitete, ambiri mwa inu munamva dzina la Guillemé cifukwa ca misoni ya ku Mcinji imene ichedwa ndi dzina limeneli. Koma mwini dzinalo anali yani? Mverani mbiri yace, pakuti wakumwa madzi ayenera kudziwa amene anakumba citsime.

Mathurin Guillemé anabadwa pa 3 July 1859 ku Sainte-Marie-de-Redon, m'dziko la France. Ali mnyamata analowa m'cipani ca Abambo Oyera, cimene anaciyambitsa Kardinali Lavigerie, ndipo analandira unsembe m'caka ca 1883. Caka cotsatira anaoloka nyanja yamcere, nafika ku Zanzibar. Pambuyo pace anamtuma kumtunda, ku Kibanga ndi ku Mpala, patsidya la kumadzulo la nyanja ya Tanganyika. Masiku amenewo dziko linali loopsa ndithu, cifukwa ogula akapolo anali kutentha midzi ndi kumanga anthu m'magoli. Bambo Guillemé anaombola ana ambiri m'manja mwa anthu ankhanzawo, nawalera, nawaphunzitsa mau a Mulungu.

Kuno kwathu Abambo Oyera anayamba afika kale m'caka ca 1889 kwa mfumu Mponda, kumwera kwa nyanja yathu. Koma nchito yao siinabale zipatso, ndipo anacokako m'caka ca 1891. Mbeu ya poyamba inafera m'nthaka. Zitapita zaka, pamene Ambuye Dupont, Episkopi wa dziko la Nyasa, anali ku Ulaya cifukwa ca matenda, Bambo Guillemé ndiye anagwira ciongolero, ndipo anatsimikiza mtima kubzalanso. M'caka ca 1902 anatsegula misoni ya Ciwamba ndi ya Mua, ndi m'caka ca 1903 ya Kacebere. Malo a Ciwamba sanakomere nchitoyo, motero anasamuka namanga pa Likuni. Kuyambira pamenepo ansembe oyenda pakati pa Likuni ndi Kacebere anadziwa midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe, ndi midziyo inawadziwa iwo.

M'caka ca 1911 Papa anamsankha akhale Episkopi m'malo mwa Ambuye Dupont. Dziko lace linali lalikuru kopambana, kufikira kwa Abemba. Cifukwa cace m'caka ca 1913 analigawa pawiri, ndipo Ambuye Guillemé anatsala ndi cigawo ca Nyasa.

Tsono funso ndi ili: ansembe owerengeka otere akadafika bwanji ku midzi yosawerengeka? Akadakhulupirira miyendo yao yokha, bwenzi midzi yambiri isanamve kanthu kufikira lero. Koma iwo anatsata njira ya Ambuye Yesu, amene anayamba waphunzitsa anthu khumi ndi awiri, nawatuma. Anasankha amuna a m'dziko lomwelino, nawaphunzitsa katekisimu ndi kuwerenga, nawaika m'midzi. Mphunzitsi amapempha malo kwa nyakwawa, amamanga kanyumba ka mitengo ndi udzu, amaitana ana ndi akuru, natsogolera mapemphero tsiku la Mulungu. Wansembe amadza nthawi ndi nthawi kudzayesa ophunzira ndi kupereka Masakramenti. Nchitoyo siinali yopepuka: mafumu ena amakana sukulu, eni dambwe amalimbirana ana ndi aphunzitsi, ndipo kwina a misoni zina anali atafika kale.

Cinanso ndi ici: Ubatizo sunali wa msanga. Lamulo la Abambo Oyera linali lakuti munthu wamkuru aphunzire zaka zinai asanabatizidwe, kupatula wodwala wa pafupi kufa. Zaka zinaizo sizinali za kuloweza mau pakamwa pokha ai, koma za kuona ngati munthuyo wasiyadi mitala, kuombeza ula ndi kuledzera. Ena amatopa nabwerera m'mbuyo. Otsalawo anasanduka nsanamira zolimba, ndipo iwo omwe anakopa abale ao. Mpingo unakula monga ukulira mtengo wa mbawa, wosati monga nsatsi.

Umo ndi m'mene Akristu anacurukira kumpoto kwa Likuni, kufikira kuti ulendo wa ku misoni unawatalikira. Cifukwa cace m'caka ca 1928 anatsegula misoni ya Nambuma. Ansembe pofika kumeneko sanafike m'chire. Aphunzitsi anali atalambula kale njira.

Atakalamba, Ambuye Guillemé anatula pansi udindo m'caka ca 1934, atakhala Episkopi wa Nyasa zaka 23, ndipo analowa m'malo mwace ndi Ambuye Julien. Koma sanabwerere ku France. Mulungu anamsunga kufikira anaona mwana wa dziko lino, Kornelio Citsulo, alikulandira unsembe m'caka ca 1937, yemweyo amene pambuyo pace anakhala Episkopi woyamba wa mtundu wathu, ku Dedza. Anaonanso seminale yaikuru itatsegulidwa pa Kacebere m'caka ca 1939. Anamwalira pa Likuni pa 7 April 1942, ali ndi zaka 82, zitapita zaka 58 cifikire ku Zanzibar.

Abale, maina a aphunzitsi ambiri aja anaiwalika, koma cikhulupiriro cimene muli naco cinadzera m'kamwa mwao. Iwo sanasungire okha cimene analandira. Nanga inu? M'mudzi mwanu muli mbale amene sanamve, kapena amene anayamba kuphunzira nafooka panjira. Musayembekeze wansembe, pitani ndinu, mukhale naye pakhonde, ndipo musatope ngakhale zipite zaka zinai. Tiwapempherere Ambuye Guillemé pamodzi ndi aphunzitsi ao onse, kuti Mulungu awapatse mpumulo wosatha.