Bishopu Mackenzie, Atate wa Ana Amasiye

Charles Mackenzie anabadwa ku Scotland caka ca 1825, nadzozedwa Bishopu ku Cape Town mu 1861. Caka comweco, ali paulendo ndi Livingstone, akapolo 84 anamasulidwa pamudzi wa Mbame, ocuruka akazi ndi ana. Mkazi wina anali atamphera khanda panjira, popeza analephera kulisenza pamodzi ndi katundu. Bishopu anakhala nao ku Magomero, nawadyetsa, nawaphunzitsa. Ndipo kamwana kofooka, Daoma, anakanyamula paphewa pace. Malungo anamupha pa 31 January 1862, kumene Ruo athira m'Shire.

Abale a ku Bua, dziko limene linaona magoli a Jumbe, mwana wamasiye akadzidzimuka usiku musamkalipire; mumfungatire, ndipo adye mbale imodzi ndi ana anu.