Ngungunhane, mfumu imene inafera pa cisumbu ca eni

Kale maboma a ku Ulaya anali ndi cilango cowawa: kucotsa munthu kwawo ndi kukam'taya kutsidya kwa nyanja. Angelezi anatumiza akaidi oposa 160,000 ku Australia pakati pa 1788 ndi 1868. Apwitikizi nawo ankacita zomwezo, ndipo cilangoci cinagwera ngakhale mfumu ya kuno ku Mozambiki.

Ngungunhane anali mwana wa Muzila, mdzukulu wa Soshangane. Agogo akewo anacokera kummwera pa nthawi ya nkhondo za Shaka, ngati mmene anacokera makolo a Angoni a kuno ku Tsangano ndi ku Angónia. Analowa ufumu wa Gaza mu 1884, ndipo mu 1889 anasamutsira likulu lake ku Mandlakazi. Tisabise, anali wankhanza ndithu. Acopi anaona zakuda ndi ankhondo ake.

Pa 28 Disembala 1895, Mouzinho de Albuquerque anamugwira ku Chaimite. Mu Malici 1896 anafika naye ku Lisboa, n'kumuyendetsa m'misewu kuti anthu amuonerere. Patapita miyezi itatu anamutumiza ku cisumbu ca Terceira, ku Açores, pamodzi ndi mwana wake Godide, mbale wake wamkulu Molungo ndi mfumu Zixaxa. Akazi ake asanu ndi awiri amene anapita nawo ku Lisboa anawatumiza kwina, ku São Tomé. Basi, sanaonanenso.

Tangoganizani, munthu amene ankalamula zikwi za ankhondo tsopano ankasaka akalulu ndi kuluka madengu ogulitsa. Kumeneko anaphunzira kuwerenga ndi kulemba ali wamkulu kale, wazaka zoposa 40. Mu 1899 anabatizidwa, nam'patsa dzina loti Reinaldo Frederico Gungunhana. Anamwalira pa 23 Disembala 1906, atakhala pa cisumbuco zaka khumi osapondanso kwawo.

Mu Juni 1985, pa nthawi ya Pulezidenti Samora Machel, bokosi la maliro ake linabwera ku Maputo, ndipo anthu analilandira ndi ulemu. Ena amamukumbukira ngati ngwazi yokana utsamunda, ena ngati wozunza anansi ake. Zonse ziwiri n'zoona. Nanga inu, mukanakhala woweruza, mukanati kum'taya kutali cotero kunali cilungamo? Kambiranani ndi anzanu.