SÁ DA BANDEIRA, MSILIKALI AMENE ANALIMBANA NDI UKAPOLO

Makolo athu ambiri anatsika m'magoli kuchokera kumapiri kuno kunka ku Quelimane, ndipo sanabwerenso. N'chifukwa chake nkoyenera kuti tikumbukire Bernardo de Sá Nogueira, wodziwika ndi dzina laulemu la Sá da Bandeira, amene anabadwira ku Santarém, ku Portugal, m'chaka cha 1795.

Iye anakula m'masiku a nkhondo za Napoleon. Afalansa atalowa m'dziko lake mu 1807, banja lachifumu linathawira ku Brazil moperekezedwa ndi zombo za Angerezi. Thandizo limeneli linali ndi mtengo wake: mu 1810 Apwitikizi analonjeza kuthetsa malonda a akapolo pang'onopang'ono, ndipo mu 1815 anavomera kuwaleka kumpoto kwa Equator. Komatu pangano lachiwirili silinakhudze Mozambique, kotero kuti zombo za ku Brazil zinachuluka pa doko la Quelimane.

Bernardo analowa usilikali ali mnyamata, navulazidwa koopsa ku France mu 1814. Mu 1832 anaduka mkono wamanja pa nkhondo yapachiweniweni, poteteza mzinda wa Porto. Atakhala nduna yaikulu, anatulutsa lamulo la pa 10 Disembala 1836 loletsa kutumiza akapolo kutsidya la nyanja. Maganizo ake anali akuti, popeza Brazil inali itadzilamulira, Portugal ikanapindula ndi Afirika pokhapokha anthu atasiyidwa kulima m'dziko lawo.

Amalonda a ku Mozambique anakana kwamtuwagalu, mpaka bwanamkubwa anaimitsa lamulolo. Tsono mu 1839 Angerezi anadzipatsa mphamvu zogwira zombo za Apwitikizi zonyamula akapolo. Ku Lisbon anthu anapsa mtima, ndipo yense wotsutsa ukapolo ankaoneka ngati wogonjera alendo. M'chaka chomwecho Papa Gregory XVI anadzudzula malonda a anthu.

Sá da Bandeira sanafooke. Mu 1858 anakhazikitsa lamulo lakuti ukapolo udzathe pakapita zaka 20. Nkhondo ya ku America ya 1861 mpaka 1865 itamasula akapolo pafupifupi mamiliyoni 4, maiko otsala ndi ukapolo anasowa pobisala. Pa 25 Febuluwale 1869, iye ali nduna yaikulu, ukapolo unathetsedwa m'maiko onse olamulidwa ndi Apwitikizi, ngakhale omasulidwawo anaumirizidwabe kugwirira ambuye awo ntchito kwa zaka zina.

Anamwalira ku Lisbon pa 6 Januwale 1876. Koma lamulo la papepala linachedwa kufika kwathu kuno. Magulu a akapolo anapitirizabe kudutsa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, mpaka Angerezi anamangapo linga la Fort Lister mu 1893. Pambuyo pake padadza ntchito yokakamiza ya chibalo, imene agogo athu anaiona ndi maso awo.