Dokotala amene ankayang'ana matewera

Anzanga, tsiku lija tinkaphunzira za Mendel ndi nsawawa zake mu Biology, ine mutu unaima. Ndinkati kodi nsawawa zikutikhudza bwanji ife anthu? Yankho ndalipeza m'mbiri ya dokotala wina wa ku England, dzina lake Archibald Garrod.

Garrod anabadwira ku London pa 25 November 1857. Bambo ake analinso dokotala wodziwika. Iye anaphunzira ku Oxford, kenako pachipatala cha St Bartholomew's, ndipo anagwiranso ntchito pachipatala cha ana cha Great Ormond Street.

Ali pantchitoyo anachita chidwi ndi matenda osowa otchedwa alkaptonuria. Mkodzo wa munthu wodwala matendawa umada bii ukakhala pamphepo. Madokotala ena ankaganiza kuti vuto ndi tizilombo ta m'matumbo. Garrod sanathamangire kuvomereza. Mwana wina atabadwa m'banja lomwe munali kale matendawa, anapempha kuti matewera ake aziyang'aniridwa. Pasanathe masiku atatu, matewera aja anayamba kuda. Apa anaona kuti mwanayo anachita kubadwa nawo matendawa.

Kenako anayamba kufunsa mbiri ya mabanja. Anapeza kuti makolo a ana ambiri otere anali bwinobwino, koma kawirikawiri anali pachisuweni. Wasayansi mnzake, William Bateson, anamuthandiza kuona kuti izi zikugwirizana ndi malamulo a Mendel. Kholo lililonse limasunga jini yobisika osadwala, ndiye mwana akalandira ziwiri, ina kwa mayi ina kwa bambo, matenda amaonekera. Achibale amatha kusunga jini imodzimodziyo chifukwa anaitenga kwa agogo amodzi. Garrod analemba zimenezi mu 1902 m'magazini ya The Lancet.

Nanga mkodzo umada chifukwa chiyani? Tikadya nyemba, usipa kapena mazira, thupi limaphwanya mapuloteni kukhala timagawo totchedwa amino acid. Tina mwa ito, monga tyrosine, timaphwanyidwanso pang'onopang'ono, ndipo sitepe iliyonse ili ndi enzyme yake. Garrod anaganiza kuti enzyme imodzi ikasowa, ntchito imaima panjira. Zili ngati ngalande ya m'dimba ikatsekeka: madzi amadzaza kumtunda, kumunsi mbewu n'kumauma. Mu alkaptonuria chimene chimadzaza ndi homogentisic acid, ndipo n'chimene chimadetsa mkodzo.

Tsopano mverani pamene panandikhudza. Mu 1908 Garrod anakamba nkhani kwa madokotala anzake ku London, ndipo chaka chotsatira anaitulutsa m'buku lotchedwa Inborn Errors of Metabolism. Anatchulamo zinthu zinayi zimene munthu amabadwa nazo mwa njira imeneyi, ndipo chimodzi mwa izo chinali chialubino. Khungu lathu limada chifukwa cha melanin, amene thupi limapanga kuchokera ku tyrosine yemwe uja. Munthu wachialubino thupi lake silipanga melanin wokwanira, basi. Palibe tsoka, palibe ufiti, ndipo m'mafupa mwake mulibe chuma chilichonse. Zaka zoposa 100 zadutsa chinenereni zimenezi, koma kuno kwathu alipobe anzathu amene amaopa kuyenda okha kukada.

Moyo wa Garrod sunali wofewa ayi. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anakatumikira ku Malta. Ana ake aamuna awiri anafera kunkhondo, wachitatu anamwalira ndi chimfine mu 1919. Anatsala ndi mwana wamkazi, Dorothy, amene anadzakhala pulofesa wamkazi woyamba ku Cambridge. Mu 1920 Garrod anasankhidwa kukhala pulofesa wa zachipatala ku Oxford.

Anamwalira mu 1936 ambiri asanamvetse kufunika kwa maganizo ake. Mu 1958 ndi pamene asayansi anatsimikiza kuti m'chiwindi cha odwala alkaptonuria enzyme ija imasowadi, ndipo jini yake inapezeka mu 1996.

Ine ndavomereza kuti ndinkaderera mutu wa genetics, ndinkangouloweza kuti ndikhoze mayeso. Pano ndasintha. Tsiku lina wina akadzanena zabodza za mnzathu wachialubino, kaya pachitsime kaya m'minibasi, ndikufuna ndidzathe kumufotokozera bwinobwino za tyrosine ndi melanin, osachita chibwibwi. Inunso mukatsegule makope anu madzulo ano.