Galileo Galilei: Mkatolika amene adaphunzira za mphamvu pa mtsetse

Aliyense amene adatsikapo ndi ngolo yodzaza chimanga m'mapiri a ku Dowa kapena ku Ntchisi amadziwa kuti mtsetse ndi woopsa kuposa chikweza. Pokwera, ng'ombe ndizo zimakoka ngolo. Potsika, ngolo ndiyo imakankha ng'ombe, ndipo liwiro lake limanka likulirakulira. Woyendetsa akafuna kupumira pakati pa phiri amafulumira kutsekera tayala ndi mwala. Zimene alimi athu amazidziwa m'manja ndi m'miyendo, munthu amene adayamba kuzipima mosamala ndi kuzilemba m'masamu adali Galileo Galilei, mkhristu wa Mpingo wa Katolika wa ku Italy, yemwe Mpingo womwewo udamuzenga mlandu atakalamba.

Galileo adabadwa pa 15 Febuluwale 1564 mumzinda wa Pisa. Bambo ake, a Vincenzo Galilei, adali katswiri wa nyimbo. Iwo ankamangirira zinthu zolemera kunsonga kwa nsambo pofuna kuona mmene liwu limasinthira nsamboyo ikakungika kwambiri, ndipo mwana wawo adatengera khalidwe losakhutira ndi zongomva. Ali mnyamata adaphunzira kwa amonke a ku Vallombrosa, mwakuti adayamba kulakalaka moyo wa m'chipani, koma bambo ake adakamutenga chifukwa ankafuna kuti adzakhale dokotala. Udokotalawo sudamukomere. Adachoka pa yunivesite ya Pisa mu 1585 wopanda digiri, mtima uli pa masamu. Ngakhale zidali choncho, mu 1589 adalembedwa ntchito yophunzitsa masamu pa yunivesite yomweyo, ndipo mu 1592 adasamukira ku Padua kumene adakhala zaka 18.

Masiku amenewo sukulu zinkatsata maganizo a Aristotle, wanzeru wa ku Greece wakale. Ophunzira ankauzidwa kuti mwala waukulu umagwa msanga kuposa waung'ono molingana ndi kulemera kwake, ndiponso kuti chinthu chimayenda pokhapokha pali china chochikankha. Maganizowa amamveka oona, pakuti wilibala ukaisiya imaima. Galileo adawakayika. Pali nkhani yotchuka yoti adakwera nsanja yopendekeka ya ku Pisa n'kugwetsa mipira iwiri yosiyana kulemera, koma idalembedwa ndi wophunzira wake iye atamwalira kale, ndipo akatswiri ambiri a mbiri saikhulupirira. Ntchito yake yeniyeni idachitikira pa thabwa.

Chinthu chikamagwa chimathamanga kwambiri, ndipo nthawi imeneyo kudalibe wotchi yotha kupima kanthawi kochepa chotero. Choncho Galileo adadzipangira mtsetse wakewake. Adatenga thabwa lalitali, nagoba kangalande pakati pake, nakasalaza bwino, nakweza mbali imodzi, n'kumagubuduzapo kampira kamkuwa. Nthawi ankaipima ndi madzi otuluka pakabowo ka chidebe: kampira kakafika pansi, ankayeza kulemera kwa madzi amene atuluka. Cha m'ma 1604 adapeza lamulo lake. Ngati pa mphindi yoyamba kampira kayenda muyeso umodzi, pa yachiwiri kamayenda itatu, pa yachitatu isanu, pa yachinayi isanu ndi iwiri. Ndiye kuti nthawi ikawirikiza kawiri, mtunda umawirikiza kanayi. N'chifukwa chake njinga yoduka mabuleki pa mtsetse wa ku Mvera siopsa kwenikweni pamwamba pa phiri. Ngozi imadikira kumunsi.

Chachiwiri chimene adaona ndicho chidasintha sayansi. Kampira kakatsika mtsetse umodzi n'kukwera wina woyang'anana nawo, kamafika pafupifupi pa msinkhu umene kadayambira. Mtsetse wachiwiriwo ukakhala wogona, kampira kamapita patali kuti kafike pa msinkhu womwewo. Nanga utakhala kuti ndi chidikha chosalala kotheratu? Galileo adaona kuti kampirako sikangaime. Chimene chimaimitsa wilibala si kutha kwa mphamvu yoikankha, koma mphamvu ina yotsutsa, ya kukhulana kwa tayala ndi nthaka ndiponso kwa chitsulo ndi chitsulo. Mphepo nayo imatsutsa, ndipo ndiyo imachedwetsa nthenga ya nkhuku pamene mwala wagwa kale. Lero ana a sukulu amaphunzira kuti mphamvu ndi kukankha kapena kukoka, ndipo ntchito yake ndi kusintha liwiro la chinthu kapena kumene chikulowera. Pa ngolo ija pali mphamvu zingapo nthawi imodzi: dziko likuikokera pansi, msewu ukuichirikiza, ng'ombe zikukoka kudzera m'tcheni chokungika, ndipo mwala wa pa tayala ukuikaniza kubwerera.

Mu 1609 adamva za galasi loonera kutali lopangidwa ku Netherlands, napanga lake labwino koposa. Mu Januwale 1610 adaona miyezi inayi ikuzungulira Jupiter, ndipo izi zidamulimbitsa pa maganizo a Copernicus oti dziko lapansi limazungulira dzuwa. Otsutsa ankafunsa kuti ngati dziko likuyenda, bwanji mwala wogwa pa nsanja susiyidwa m'mbuyo? Yankho lidachokera ku thabwa lija. Mwalawo uli kale pa ulendo pamodzi ndi nsanja, ndipo palibe chouchotsera ulendowo, monga momwe ndalama yogwa m'manja mwa munthu ali m'basi yoyenda bwino imagwera pamapazi ake.

Apa ndi pamene mavuto adayambira, pakuti ambiri ankaona kuti maganizowa akutsutsana ndi Malembo Oyera. Mu 1616 Kadinala Robert Bellarmine adamuchenjeza kuti asawagwiritse ngati choona. Mu 1632 Galileo adatulutsa buku lokambirana za maganizo awiriwa, ndipo mfundo ya Apapa Urban VIII, omwe kale adali bwenzi lake, adaiika m'kamwa mwa munthu amene m'bukumo amagonja pa mtsutso uliwonse. Kunena zoona, Galileo adali wakuthwa pakamwa, ndipo umboni umene ankaudalira kwambiri udali wolakwika. Iye ankati kusefukira ndi kuphwa kwa nyanja zazikulu kumadza chifukwa cha kuyenda kwa dziko, nakana maganizo a Kepler oti mwezi ndiwo umakoka madzi. Mphamvu yogwira ntchito patali, popanda kukhudza, idamuvuta kuivomera pa nkhaniyi, ngakhale iye yemwe adafufuzapo za maginito amene amakoka chitsulo chili apo. Koma kulakwa kumeneku sikuchepetsa kulemera kwa zimene adamuchita. Pa 22 Juni 1633, ali ndi zaka 69, adamugwaditsa ku Rome kuti akane zimene adalemba, buku lake lidaletsedwa, ndipo adakhala pa ukaidi wosachoka panyumba mpaka imfa.

Galileo sadakwatire, koma adabereka ana atatu mwa Marina Gamba. Aakazi awiri adalowa usisteri ku Arcetri, pafupi ndi Florence. Wamkulu, Sisteri Maria Celeste, ankamulembera makalata, kumukonzera mankhwala, ndipo adadzipereka kunena m'malo mwake masalimo asanu ndi awiri olapa amene bwalo lidamulamula kuti azinena sabata iliyonse. Sisteriyu adamwalira mu Epulo 1634, patangopita miyezi yochepa bambo ake atabwerera kwawo ku Arcetri.

M'chisoni chimenechi nkhalambayo idabwerera ku zolemba zake za ku Padua. Buku lake lomaliza lidasindikizidwa ku Leiden mu 1638, maso ake atachita kale khungu. Mbali ina ikufotokoza za kuyenda kwa zinthu, ina za kulimba kwa zingwe ndi mitanda: chifukwa chake mtanda wautali umathyoka ndi katundu amene waufupi ungamusenze, ndiponso chifukwa chake thabwa loimika chammbali limalimba kuposa logoneka. Womanga chigafa cha fodya ku Mponela amadziwa zomwezi akamachulukitsa nsichi.

Adamwalira pa 8 Januwale 1642, ali mu Mpingo. Isaac Newton wa ku England adamangira pa maziko ake, ndipo mu 1687 adaonetsa kuti mphamvu yogwetsa mwala ndi yomweyo imene imasunga mwezi m'njira yake ndi kukoka madzi a m'nyanja. Mu 1971 David Scott adagwetsa hamala ndi nthenga pa mwezi, pamene palibe mphepo, ndipo zidafika pansi pamodzi. Pa 31 Okutobala 1992 Apapa John Paul II, omwe adayendera Malawi mu 1989, adavomereza poyera kuti akatswiri a zaumulungu a nthawi ya Galileo adalakwa posasiyanitsa Malembo Oyera ndi mmene iwo ankawamasulira. Mafupa ake ali m'tchalitchi cha Santa Croce ku Florence, m'manda aulemu amene adawasamutsiramo mu 1737.